Tilembe chiyani pa chiliza cha a Sajeni?

Mwana woyamba wa malemu, ku Lilongwe

Makolo, abale ndi alongo, komanso abwenzi onse a bambo amene muli pa gulu lino, landirani moni. Monga tinapangana tisanabalalike pa siwa chaka chatha, chiliza cha bambo chiyenera kumangidwa mvula yoyamba isanagwe, ndipo ndikudziwitseni kuti simenti, mchenga ndi njerwa zafika kale kumudzi. Mmisiri amene tamupeza pa Kamuzu Road ku Salima akudikira chinthu chimodzi chokha, chomwe ndi mawu oti azokote pa mwala, ndipo wanenetsa kuti pansi pa dzina ndi zaka pangakwane mizere itatu basi.

Maganizo anga ndi akuti mizere imeneyo tiipereke ku usilikali wawo: udindo, nambala ndi gulu limene anatumikiramo. Ndikutero chifukwa kuchokera pa Khombedza mpaka ku Thavite panalibe munthu wowatchula dzina lawo la ubatizo. Aliyense, ngakhale amfumu, ankangoti a Sajeni. Analembedwa usilikali ku Cobbe Barracks ku Zomba mu 1972, chaka chimene General Graciano Matewere anakhala Mmalawi woyamba kulamulira gulu lankhondo la dziko lino, ndipo anavula yunifolomu chisankho cha 1994 chitangodutsa. Tonsefe tinaphunzira sukulu ndi ndalama za jombo zimenezo. Komabe mutu umodzi susenza denga, choncho ndikupempha kuti aliyense anene zakukhosi pofika Loweruka.

Mwana wachiwiri, mphunzitsi ku Nkhotakota

Achimwene, zikomo chifukwa cha ntchito imene mwagwira, koma pa nkhani ya mawuyi mundilole ndisiyane nanu. Ine ndi amene ndinakhalitsa nawo pakhomo atapuma ntchito, ndipo sindinaonepo tsiku limene bambo anatulutsa mendulo zawo kuti alendo azione. Mendulo, lamba, chipewa ndi zithunzi zonse za ku Zomba zinali m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi, kiyi wake ankasunga okha. Chimene chinali poyera pabalaza ndi jekete yawo yakuda ya ku tchalitchi, yokoleka pa msomali kuseri kwa chitseko, ndi Baibulo lalikulu pa tebulo. Tsiku lina ana a sekondale atabwera kudzawafunsa za nkhondo ya ku Mozambique, anawathyolera nzimbe, n'kuwauza mwaulemu kuti akawerenge m'mabuku.

Tsono munthu amene anabisa nambala yake m'bokosi kwa zaka pafupifupi 30, kodi n'koyenera kuti ife tiitulutse n'kuizokota pa mwala pamene mwini wake sangathenso kutiletsa? Ine ndikadakonda tilembe kuti anali mkulu wa mpingo, mwamuna wa mkazi mmodzi ndi tate wa ana asanu ndi mmodzi, kenaka Yoswa 24:15, ndime imene ankatsekera nayo mapemphero a m'banja usiku wa pa 31 Disembala chaka chilichonse.

Mkulu wa mpingo mnzawo wa malemu

Ana anga, ndikulemba monga munthu amene ndinakhala nawo pa benchi imodzi ya akulu a mpingo kwa zaka zambiri. Pamene anabwera kudzakhazikika kuno, nyumba yathu yopemphereramo inali yofolera udzu, ndipo belu lathu linali limu ya lole yopachikidwa pa mtengo wa mango. Tinkati mapemphero ayamba 9 koloko, koma kawirikawiri ankayamba 10 koloko itadutsa, chifukwa woimba belu naye ankabwera pamene wafunira. A Sajeni sanadzudzule munthu pa msonkhano. Anangopempha kuti ntchito ya belu ikhale yawo, ndipo kuyambira pamenepo ankafika dzuwa lisanatenthe, kusesa pakhomo, kuimirira pansi pa mtengo wa mango uja maso ali pa wotchi, n'kumenya chitsulocho nthawi ikangokwana, kaya m'katimo muli anthu anayi. Pakutha pa miyezi itatu mudzi wonse unali utazolowera.

Ndalama za chopereka ankakana kuziwerenga okha. Ankafuna mboni ziwiri, ndipo ankalemba m'kope mpaka tambala yomaliza. Odwala ankawayendera pa njinga, ngakhale m'nyengo imene madambo athu asefukira. Koma chimene ndikufuna mwana wanga wa ku Nkhotakota amve ndi ichi: akapatsidwa mpata wolalikira, ndime imene ankabwererako kawirikawiri ndi Luka 3:14, pamene asilikali anafunsa Yohane Mbatizi choti achite. Ankati ndime imeneyi ndi imene inawakhazika mtima pansi ali mnyamata ku Zomba, popeza Yohane sanauze asilikali aja kuti asiye ntchito, koma kuti asalande za anthu, asanamizire munthu, ndipo akhutire ndi malipiro awo. Choncho ine sindinaone anthu awiri mwa bambo anu, wina msilikali wina mkulu wa mpingo. Amene ankaimba belu uja anali Sajeni yemweyo.

Msilikali wopuma, ku Senga Bay

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ndalimbana ndi mtima wanga usiku wonse ngati n'koyenera kuti ndilankhule. Ndinali kopolo pansi pa bambo anu ku Mozambique. Zimene ndilembe pano iwo sakadalola kuti zinenedwe ali moyo, koma ndaona kuti ana akutsutsana pa chinthu chimene sanauzidwe, ndipo ife amene tinaona tatsala ochepa.

Ndiyambe ndi chimene tinapitira kumeneko, chifukwa achinyamata ambiri sachidziwa. Dziko lathu lilibe doko la pa nyanja ya mchere, ndipo feteleza, mafuta, fodya ndi tiyi zinkadutsa pa njanji ziwiri, ya ku Beira ndi ya ku Nacala. Nkhondo ya pakati pa boma la FRELIMO ndi RENAMO itakula, pofika 1984 njanji zonse ziwiri zinali zitatsekeka, ndipo katundu wathu ankazungulira mpaka ku Durban pa mtengo woboola m'thumba. N'chifukwa chake kuyambira 1987, m'nthawi ya General Melvin Khanga, asilikali a Malawi anatumizidwa kukalondera njanji ya ku Nacala pamodzi ndi anthu oikonza, kuchokera pa Nayuchi kulowa Entre Lagos, Cuamba mpaka cha ku Malema. Magulu ankasinthana, ena akubwerera ena akupita, kufikira mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992.

Mukamva kuti kulondera sitima musaganize kuti tinkakhala m'kati n'kumaona mitengo ikudutsa. M'malo oopsa sitima inkayenda liwiro la munthu woyenda pansi, chifukwa ife tinkatsogola ndi miyendo, maso ali pa miyala ya pakati pa njanji, kufunafuna pamene miyala yaoneka yotembenuzidwa kapena dothi lachita ngati lakumbidwa chakumene. Uku ndi uku kunali tsekera wotalika kuposa munthu, ndipo sunkadziwa chimene chili m'katimo. Amene ankakhala kutsogolo kwenikweni tinkasinthana, ndipo wokonza ndandanda wa kusinthanako anali a Sajeni.

M'mawa wina mnyamata amene inali nthawi yake yotsogola anadzuka ndi malungo, akunjenjemera. A Sajeni anamubweza kumbuyo n'kuika m'malo mwake mnyamata wina wa ku Ntcheu, amene anali asanathe chaka chitulukire ku koleji ya asilikali konkuno ku Salima. Tisanayende mtunda wautali, mnyamatayo anaponda bomba lokwirira. Sindifotokoza mmene zinaonekera. Chimene ndinene n'chakuti a Sajeni sanadikire machira. Anamubereka kumsana n'kuthamanga naye kubwerera kumene kunali sitima, koma pofika anali atatsirizika. Malaya awo onse anali magazi, ndipo anakana kuwavula mpaka madzulo.

Bambo anu ankayenda ndi kabuku ka Chipangano Chatsopano ndi Masalimo m'thumba la pamtima, katakulungidwa m'pepala la pulasitiki la shuga kuopa thukuta ndi mvula. Madzulo aliwonse ankatiwerengera ndime imodzi asanagawe ntchito ya ulonda wa usiku. Usiku umenewo anandiitana, tinafunda bulangeti kuti kuwala kwa tochi kusaoneke, anatsegula kabukuko, koma mawu sanatuluke. Anandipatsa ine kuti ndiwerenge. Nditamaliza anangoti, “Kopolo, mwana uja ndinamuika kutsogolo ndine.” Ndinawauza kuti ndandanda ndi ndandanda, aliyense wa ife akadatha kukhala pamenepo, ine ndemwe kapena iwo. Sanayankhe, ndipo pa zaka zonse zimene takhala tikuyenderana kuno ku Salima, nkhaniyi sanaibwerezenso.

Mwana wanga mphunzitsi, bambo ako sanatseke bokosi lija chifukwa chochita manyazi ndi usilikali. Analitseka chifukwa m'katimo munali m'mawa umene uja.

Mwana wachiwiri, mphunzitsi ku Nkhotakota

Bambo, uthenga wanu ndauwerenga katatu, ndipo ndalephera kulowa m'kalasi. Titatsegula bokosilo maliro atatha, pansi pa mendulo tinapeza chithunzi chaching'ono cha msilikali wachinyamata amene palibe mmodzi wa ife anamuzindikira, ndipo tinangoti mwina ndi mnzawo wa ku Zomba. Komanso chaka chilichonse akapuntha mpunga, thumba loyamba silinkalowa m'nyumba. Ankalisoka okha, kulemba dzina pa kansalu, kulimanga pa njinga n'kukalikweza basi ya ku Ntcheu. Tikafunsa ankangoti ndi ngongole. Ine ndinakula ndikudandaula mumtima kuti ngongole yotani yosatha, pamene ife nsapato za sukulu zikutisowa. Lero ndi pamene ndadziwa mwini ngongoleyo.

Mwana womaliza, ku Johannesburg

Ndikudziwa kuti pa nkhani ya womwalira timayembekezereka kunena zabwino zokhazokha, ndipo ndikupepesa kwa akuluakulu ngati mawu anga apweteke. Koma ngati tikufuna kukumbukira bambo enieni, osati a pa chithunzi, ndiyenera kunena kuti kukula m'nyumba mwawo kunali kovuta, makamaka kwa ine amene ndinakula iwo atabwerako ku Mozambique. Achimwene aakulu amakumbukira bambo oseka, oimba ndi osewera mpira ndi ana m'malaini. Ine amene ndinawadziwa ankatidzutsa tambala woyamba, kuyendera mphasa ngati zapindidwa bwino, kuyang'ana makasu ngati atsukidwa, ndipo ukachedwa mapemphero a m'mawa ndi mphindi zochepa unkagona ndi njala. Tsiku lina ndinaphulitsa pepala la pulasitiki kuseri kwa nyumba mosewera, ndipo anandikwapula mpaka amayi anachita kudzagwa pakati pathu. Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Usiku wina ndinkawamva akukuwa kutulo, kenaka tsache likulira pabwalo kunja kuli mdima.

Ndinachoka pakhomo ndili wokwiya, ndipo kwa zaka zinayi sindinawaimbire foni. Tinadzayanjana mochedwa, iwo atayamba kale kudwala. Zimene alemba a Kopolo zandithandiza kumvetsa kumene mkwiyo uja unkachokera, koma kumvetsa sikufafaniza zipsera. Pa mwalapo lembani chimene mugwirizane, ine sindikana. Pempho langa n'lakuti pa tsikulo olankhula asawasandutse mngelo, chifukwa iwo eni ake, ulendo womaliza umene ndinawaona, anandigwira dzanja n'kundiuza kuti anandilakwira, ndipo mawu amenewo kwa ine ndi aakulu kuposa mendulo zonse za m'bokosi.

Azakhali, mlongo wa malemu, kudzera mwa mwana wawo

Mwana wa achimwene anga, walankhula zoona ndipo palibe amene akudzudzule. Ndikuuze kumene zinayambira, chifukwa iwe sunawapeze agogo ako. Bambo athu anali msilikali wa Keyala (King's African Rifles), gulu lankhondo la nthawi ya atsamunda, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anawatenga mpaka ku Burma. Anabwerako nkhondo itatha mu 1945 ali ndi jasi, chikho chachitsulo ndi chifuwa chosatha. Nawonso sankanena kanthu za kumeneko, koma ndege ikadutsa ankasiya khasu n'kukakhala pansi pa mtengo mpaka itazimiririka, ndipo nawonso dzanja lawo linali lolemera pa ana. Chokhacho chimene chinkawasangalatsa ndi mganda. Anyamata akavala zoyera n'kufola mizere ngati pa perete, iwo ndi amene ankawongola mapazi awo, ndipo bambo ako anayamba kuguba pamenepo asanaone n'komwe mfuti. Atanena kuti akupita ku Zomba kukalembetsa, amayi athu analira masiku atatu, koma bambo athu anangowapatsa chikho chachitsulo chija.

M'masiku amenewo munthu wobwera ku nkhondo ankangolandiridwa ndi nkhuku ndi thobwa, n'kumati wafika, zatha. Panalibe womufunsa chimene wabwera nacho m'mutu. Ine ndinaona matenda amodzimodziwo mwa amuna awiri a m'nyumba mwathu, ndipo kusiyana kwake n'kwakuti achimwene anga anapeza kogwira, ku mpingo ndi kwa alamu anga, mpaka anafika potha kupepesa mwana wawo, chinthu chimene bambo athu anamwalira asanachite.

Mnansi wa malemu, wa ku mzikiti

Ndikuthokoza banja pondiika pa gulu lino ngakhale sindine wa mpingo wanu. Minda yathu inagundana malire kwa zaka zoposa 20, ndipo sitinapitepo kwa amfumu pa nkhani ya malire. Ine za ku Mozambique sindikuzidziwa; zimene ndikudziwa ndi za njala ya 2002. Amene munali kuno mukukumbukira kuti pofika Febuluwale anthu ankadya gaga, mizu ya nthochi ndi nyika za m'madambo, ndipo maliro ankachitika pafupifupi tsiku lililonse. A Sajeni anali ndi munda wa chinangwa ndi chimanga chotsala m'nkhokwe, chifukwa chaka chimenecho sanagulitseko ngakhale ogula ankabwera ndi mitengo yokopa.

Anatenga kope, nayenda khomo ndi khomo kulemba chiwerengero cha ana ndi okalamba, kenaka anakhazikitsa masiku awiri pa sabata ogawa, ndi mbale imodzi yoyezera yomweyo kwa aliyense. Banja lawo lomwe linali m'kopemo, ndipo linkalandira muyezo womwewo. Ena anang'ung'udza kuti ayambe athandiza a mpingo wawo, koma iwo anayankha kuti kope lawo lilibe mzere wa chipembedzo. Ana anga awiri amene lero ali ndi mabanja awo anapulumuka ndi mbale imeneyo.

Chinanso n'chakuti pakhomo pawo pakakhala ukwati kapena chisangalalo, mbuzi sankazinga okha. Ankandituma mwana kudzandiitana kuti ndikazinge ine, n'cholinga choti ife Asilamu tidye nawo mosakayika. Ndikupempha banja kuti pa tsiku la chiliza mundilole ndigwirenso ntchito imeneyo, ndipo mbuzi imodzi ichokera m'khola mwanga.

Mwana wa mlongo wawo, msilikali

Ine ndi wachitatu m'banja mwathu kuvala jombo, ndipo chikho chachitsulo chimene atchula amayi chili ndi ine. Pamene ndinkachita maphunziro ku MAFCO, koleji ya asilikali ya ku Salima, atsibweni sanabwere kudzandiona ngakhale kamodzi, chonsecho kwawo ndi pafupi. Anadzabwera tsiku la perete yomaliza, ataima kumbuyo kwa anthu onse, chipewa chili m'manja. Koma atamva kuti gulu lathu likupita ku Congo, anakwera minibasi okha kudzandipeza. Nthawi imeneyo n'kuti dziko lidakali ndi chisoni cha Novembala 2018, pamene asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi Beni, mmodzi mwa iwo Private Chancy Chitete, amene bungwe la United Nations linamulemekeza mu 2019 chifukwa chofa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania wovulala.

Atsibweni sanandipatse malangizo a kagwiridwe ka mfuti. Anatulutsa kabuku kakang'ono kokulungidwa m'pulasitiki yakale ya shuga, masamba ake atachita chikasu, nandiika m'thumba la pamtima ndi dzanja lawo. Kenaka anati ndikadzapatsidwa anthu oti ndiwalamulire, ndidzayambe ndadziwa kwawo kwa aliyense ndi dzina la mayi wake. Ndinkaganiza kuti ndi mawu a ukalamba chabe, mpaka lero pamene ndawerenga za a Kopolo. Kabukuko ndinapita nako ndipo ndinabwera nako. Ngati banja lilola, ndidzabwera nako pa tsikulo kuti ndime yowerengedwa pa manda idzachokere m'menemo.

Mdzukulu, kulemba mawu a agogo aakazi kumudzi

Ndawawerengera agogo mauthenga onse kuyambira poyamba, ndipo andiuza kuti ndilembe mawu awo monga akunenera, osachotsapo kapena kuwonjezera.

Akuti: Ana anga, nkhani ya ku Ntcheu ine ndimaidziwa, ndipo a Kopolo sanalakwe kuinena. Pamene amuna athu anali ku Mozambique, ife akazi m'malaini tinkakhala maso ali ku msewu. Galimoto ya akuluakulu ikalowa pang'onopang'ono masana, aliyense ankasiya mtondo n'kuima pakhomo pake, kudikira kuti iima pa nyumba ya yani. Pa khomo langa sinaime, ndipo ndinayamika Mulungu, koma mwamuna amene anabwerera sanali yemwe ndinamuperekeza. Usiku ankadzidzimuka thukuta lili kamukamu, ndipo ndinkawagwira mapewa n'kumaimba nyimbo ya m'buku motsitsa mpaka mpweya wawo utabwerera m'malo. Zikakanika ankatuluka kukasesa pabwalo.

Za thumba la mpunga, zaka ziwiri zoyamba nanenso ndinaganiza zimene mkazi aliyense angaganize, mpaka ndinakatula nkhaniyi kwa ankhoswe. Bambo anu sanadziteteze pamaso pa ankhoswe. Anangoti ndikonzeke, mawa tili ndi ulendo. Tinakwera basi mpaka ku Ntcheu, n'kuyenda pansi kulowera kumapiri, ndipo tinafika pa kanyumba kamene panali mayi wachikulire akusenda mbatata. Ndinaona mwamuna wanga, amene asilikali ankanjenjemera akamva mawu ake, akuvula chipewa n'kugwada pa dothi patali ndi khonde. Mayi aja anawadzutsa n'kuwatchula kuti mwana wanga. Pobwerera m'basi sitinalankhulane, koma kuyambira chaka chimenecho thumba lija ndinkapeta ndine. Mayiwo atamwalira tinapita kukaika maliro, ndipo mpunga unapitirira kupita kwa mlongo wake wa mnyamata uja. Chaka chino sunapite, chifukwa ndinalibe womutuma wodziwa nkhaniyi, ndipo zakhala zikundisowetsa tulo.

Kwa iwe chitsirizira wanga, zimene wanena ndi zoona, ndinalipo. Koma udziwenso kuti zaka zinayi zimene unakhala chete, dzina lako linali loyamba kutchulidwa pa mapemphero a m'mawa, ndipo basi ya ku Lilongwe ikaima pa msewu madzulo, bambo ako ankapeza chifukwa chopitira kumeneko.

Za mwala, mawu akuti Sajeni akhalepo, chifukwa inenso ndinkawaitana choncho mpaka tsiku lomaliza m'chipatala. Nambala ikhale m'bokosi momwe anaisiya. Mulembe kuti mkulu wa mpingo, ndi ndime ya Yoswa ija. Zakuti anali mwamuna wa mkazi mmodzi musalembe. Mboni yake ndine, ndipo ndikadzagona pambali pawo anthu adzaona okha.

Mwana woyamba wa malemu, ku Lilongwe

Amayi alankhula, ndipo ine ndabweza maganizo anga a nambala. Mawa ndikauza mmisiri kuti pansi pa dzina ndi zaka azokote mizere itatu: Sajeni wopuma wa Malawi Rifles, Mkulu wa mpingo, ndi Yoswa 24:15. Mng'ono wanga wa ku Johannesburg, ndakumva, ndipo ndikuvomereza kuti ine ndinadya zaka zabwino za bambo pamene iwe unatsala ndi zowawa. Ndikuimbira usiku uno kuti tilankhule patokha. A neba athu, pempho lanu talilandira ndi manja awiri. Chatsala ndi tsiku.

Msilikali wopuma, ku Senga Bay

Mawu akuti Malawi Rifles ali bwino, chifukwa ndi dzina limene gulu loyamba la Keyala linatenga dziko litalandira ufulu mu 1964, choncho mwalawo ukhudzanso agogo anu a ku Burma. Pa za tsiku, ine ndikadakonda Loweruka loyandikana ndi Lamulungu lachiwiri la Novembala, pamene dziko limakumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo. A Sajeni sankapita ku mwambo wa ku Zomba kapena wa ku Lilongwe, koma tsiku limenelo ikakwana 11 koloko ankaima chilili mphindi ziwiri paliponse pamene ali. Ndiwonjezere chimodzi chimene ana ayenera kunyadira: mu Disembala 1993, pamene asilikali ankalanda zida za a Payoniya pa Operation Bwezani, mitima inali yotentha chifukwa cha anzathu amene anawomberedwa ku Mzuzu, koma gulu limene ankatsogolera a Sajeni silinatenge ngakhale supuni ya munthu, ndipo mnyamata wina amene ananyamula wailesi anamubweza kuti akaisiye pomwe anaipeza. Ife opuma a kuno tilipo asanu ndi awiri amene tingathe kuyenda, ndipo tikupempha mpingo utilole kudzavala mendulo zathu ndi kupereka sawatcha pa manda.

Mkulu wa mpingo mnzawo wa malemu

Ndalankhula ndi abusa, ndipo palibe choletsa kuti asilikali apereke ulemu wawo pemphero lotsekera lisanachitike. Amayi a Chigwirizano adzatsogolera nyimbo kuchokera kunyumba mpaka kumanda. Koma pa za tsiku ndikupempha a Kopolo atimvetse: pakati pa Novembala mvula ikhoza kutipeza, njira ya kumanda imadutsa pa dambo, ndipo anthu amakhala ali kalikiliki ndi kubzala. Ndikuganiza kuti Loweruka lomaliza la Okutobala lingatikomere, mwambo n'kuyamba m'mawa dzuwa la kuno lisanakwiye. Amfumu ndi adzukulu ayenera kuuzidwa sabata ino, popeza kumanda sitilowa popanda iwo. Belu lidzalira 8 koloko yeniyeni.

Mwana wachiwiri, mphunzitsi ku Nkhotakota

Loweruka lomaliza la Okutobala ndavomereza. Thumba la mpunga la chaka chino ndigula ndine, ndipo sindikufuna kulikweza basi. Ndikufuna kukalipereka ndi manja anga, pamodzi ndi chithunzi chija, ndi kuitana mlongo wake wa mnyamatayo kuti adzakhale nafe pa tsiku la chiliza. Amayi ulendo wa kumapiri sangauthenso. A Kopolo, kodi mudziwo mungaukumbukire?

Msilikali wopuma, ku Senga Bay

Tsikulo ndalivomereza. Mudziwo ndikuudziwa, mwana wanga, chifukwa ndinali m'gulu la amene anaperekeza bokosi la mnyamatayo. Sukulu ikatsekera sabata ino, udzandipeze pa Kamuzu Road Loweruka m'mamawa, tidzadutse njira ya ku Golomoti. Udzatenge nsapato zoyendera, popeza kuchokera pamene minibasi imatsitsa pali mtunda wokwera.